SHAWELO YA MITUNDU IWIRI YOLEMEKEZA AMAI OPULUMUKA KHANSA YA M'MAWERE

Sabata ino pa tsamba lathu la za umoyo tabweretsa nkhani ziwiri zimene ena angaganize kuti siziyendera pamodzi. Yoyamba ndi matenda a khansa ya m'mawere. Yaciwiri ndi nchito ya manja imene amai ambiri m'makomboni mwathu aidziwa kale, ndiyo kuluka. Tifotokoza m'mene mungalukire shawelo ya mitundu iwiri mwa kalukidwe kochedwa brioche, kuti mupatse mai amene anadwala khansa ya m'mawere ndipo anapirira mpaka kutsiriza mankhwala ake. Tifotokozanso cifukwa cake mphatso yotereyi ingathandize amai ena a m'komboni kupita ku cipatala nthawi ikalipo.

Vuto limene tili nalo ndi lakuti mai akamwalira ndi khansa, komboni yonse imadziwa, cifukwa maliro sabisika. Koma mai akacira, amabwerera kunyumba mwakacetecete, amabisa cipsera cake m'citenge, ndipo anansi ake sadziwa konse kuti anadwalapo. Conco anthu amamva za akufa okhaokha, ndipo amayamba kukhulupirira kuti khansa ndi imfa basi. Mai wokhulupirira zimenezi akapeza cotupa m'bere lake amaopa, amabisa, nakafika ku cipatala mocedwa.

KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linanena kuti m'caka ca 2022 amai pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo anthu pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Muno mu Zambia khansa imeneyi ndi yaciwiri pa makhansa ogwira amai, pambuyo pa khansa ya khomo la ciberekero.

Matendawa amaciritsika akapezeka msanga. M'maiko olemera, amai oposa 90 mwa 100 aliwonse opezeka ndi khansayi amakhala ali moyo patapita zaka 5. Kuno kwathu zinthu sizili conco. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2020, wocitika m'maiko a Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, anapeza kuti pafupifupi theka cabe la amai odwala ndiwo anali moyo patapita zaka 3. Cimodzi mwa zifukwa zazikulu cinali kufika ku cipatala matenda atakula kale.

N'cifukwa cake bungwe lija linakhazikitsa zolinga zitatu zoti maiko azitsatira. Coyamba, odwala 60 mwa 100 azipezeka matenda akali pa gawo loyamba kapena laciwiri. Caciwiri, mai akafika ku cipatala ndi cotupa, kupima konse kuzitha m'masiku 60. Cacitatu, odwala 80 mwa 100 azitsiriza mankhwala onse osalekeza panjira. Colinga coyamba ndi cacitatu sizingatheke ndi madokotala okha. Zimafuna thandizo la banja, anansi ndi mpingo.

Cipatala cacikulu ca matenda a khansa, ca Cancer Diseases Hospital, cili ku Lusaka ndipo cinatsegulidwa mu 2007. Kwa mai wocokera ku Chipata umenewu ndi ulendo wa makilomita oposa 500, ndipo si ulendo wa kamodzi ai. Mai amene wayenda maulendo onsewa, kusiya ana ndi malonda ake, mpaka kutsiriza mankhwala, wagwira nchito yaikulu yoyenera ulemu.

CIFUKWA CIANI SHAWELO?

Kuti timvetse ubwino wa shawelo, tiyenera kudziwa zimene thupi la mai limakumana nazo pa nthawi ya cithandizo.

Kawirikawiri pamakhala opaleshoni yocotsa cotupa cokha kapena bere lonse. Nthawi zambiri madokotala amacotsanso anabere ena a m'khwapa, cifukwa ndi kumene khansa imayambira kufalikira. Pambuyo pa opaleshoni yotere, kukweza dzanja m'mwamba kumavuta kwa milungu ingapo. Kuvala juzi yolowetsa kumutu kumakhala kowawa. Shawelo angoiponya pa mapewa ndi dzanja limodzi.

Amai ena dzanja la mbali yocitidwa opaleshoni limatupa, cifukwa madzi a m'thupi sayenda bwino anabere akacotsedwa. Kutupaku kungayambe patapita miyezi kapena zaka. Dzanja lotere silifuna covala cothina. Shawelo ilibe manja, conco siifinya paliponse.

Palinso mankhwala a m'dilipi ochedwa chemotherapy, amene kawirikawiri amaperekedwa kamodzi pa milungu itatu iliyonse kwa miyezi ingapo. Wodwala amakhala pa mpando maola angapo, ndipo ambiri amamva kuzizira. Mankhwalawa amathothola tsitsi, koma tsitsi limameranso akatha. Ena amalandiranso radiotherapy, ndiko kupha khansa ndi mphamvu yocokera m'makina. Khungu la pacifuwa limakhala lofewa ndi losacedwa kunyerenyetsa, conco limafuna covala cosalala.

Potsiriza, amai amene khansa yao imakula ndi mahomoni a cikazi amapatsidwa mapilisi monga tamoxifen, oti azimwa tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10. Mapilisi amenewa amacititsa thupi kutentha mwadzidzidzi ndi kutuluka thukuta, kenaka n'kuzizidwanso. Covala cabwino kwa munthu wotere ndi cimene angafunde ndi kucotsa mwamsanga, ngakhale ali m'chalichi kapena m'basi.

PINKI ANACOKERA KUTI?

Mwezi wa October unayamba kusungidwa ngati mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere ku America mu 1985. Mu 1991 bungwe la Susan G. Komen linagawira kansalu ka pinki kwa anthu othamanga pa mpikisano wake mu mzinda wa New York. Mu 1992 Evelyn Lauder wa kampani ya Estée Lauder, pamodzi ndi Alexandra Penney amene anali mkonzi wa magazini ya Self, anafalitsa kansaluka m'masitolo ambiri, ndipo kucokera pamenepo pinki anakhala cizindikiro ca matendawa pa dziko lonse.

Kuno kwathu October ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, ndipo palibe amene afuna shawelo. Koma zimenezi zingatikomere. Yambani kuluka mu October pamene nkhani ya khansa ili m'kamwa mwa anthu, lukani pang'onopang'ono, kuti pofika mphepo ya June ndi July mphatso ikhale itafika kale pa mapewa a mwini wake.

Cenjezo limodzi: si mai aliyense amene akonda pinki. Ena safuna covala cimene ciwakumbutsa za cipatala tsiku lililonse. Funsani mwini wake mtundu umene akonda. Ngati asankha wobiriwira ndi woyera, lukani umenewo.

KODI BRIOCHE N'CIANI?

Brioche ndi dzina la buledi wina wa ku France, wonenepa ndi wofewa. Dzinali linayamba kupezeka m'mabuku a zoluka a ku England m'zaka za m'ma 1840. M'nthawi yathu ino amene anachukitsa kalukidweka ndi Nancy Marchant, mai wa ku America wokhala mu mzinda wa Amsterdam ku Netherlands, amene analemba mabuku ofotokoza njira zake.

Poyang'ana, brioche ifanana ndi ribi imene timaluka m'mphepete mwa juzi, koma ndi yokhuthala, yofewa ndi yotanuka kwambiri. Cinsinsi cake n'cakuti pa mzere uliwonse simuluka masitichi onse. Mumaluka imodzi, inzake mumangoidutsitsa n'kuifunditsa ulusi pamwamba. Pa mzere wotsatira, sitichi yofunda ija mumailuka pamodzi ndi cofunda cake. Motero nsalu imasunga mpweya pakati ndipo imafunda popanda kulemera.

Mukagwiritsa nchito mitundu iwiri, shawelo imakhala yopanda kumaso ndi kumbuyo. Mbali imodzi mizere ya pinki imaonekera pamwamba, mtundu winawo uli pansi. Mukatembenuza, mtundu winawo ndiwo uli pamwamba. Mbali zonse ziwiri ndi zovalika. M'nkhani ino titenga pinki ndi wotuwa monga citsanzo.

ZOFUNIKA KUKONZEKERA

Wulu: Gulani wa makulidwe ochedwa double knitting, mipira 3 ya magalamu 100 ya pinki ndi mipira 3 ya wotuwa. Brioche imadya wulu wambiri kuposa kuluka wamba, conco gulani wonse nthawi imodzi kuti mtundu usasiyane. Sankhani wofewa. Muyeseni pa khosi panu kapena mkati mwa mkono. Ngati ukubayani inu amene muli bwino, udzavutitsa kwambiri khungu limene lalandira radiotherapy. Wulu wa acrylic wofewa kapena wosakaniza ndi thonje ndi wabwino cifukwa ucapika mosavuta.

Ngati ndalama zacepa, juzi za pa salaula zingathandize. Sankhani ziwiri za ulusi wofanana makulidwe, zimene zidutswa zake zinalumikizidwa ndi ulusi, osati zodulidwa ndi makina m'mphepete, cifukwa zodulidwa zimatulutsa tiulusi tatifupitifupi. Masulani, kulungani ulusi kumbuyo kwa mpando, mangani, capani ndi kuyanika pa mthunzi kuti uwongoke. Amai a m'gulu limodzi la cilimba kapena la ku chalichi angasonkherane mtengo wa wulu.

Nsingano: Pafunika nsingano yozungulira, ija ya nsonga ziwiri zolumikizidwa ndi cingwe, ya mamilimita 4, yotalika masentimita 80. Nsingano wamba za mutu kumapeto sizingagwire nchito imeneyi, cifukwa mudzafunika kukankhira masitichi kucokera ku nsonga ina kupita ku ina. Ngati yozungulira siipezeka, mmisiri angakusemereni nsingano ziwiri zazitali za nsungwi, zosongoka mbali zonse ziwiri, n'kuzisalaza bwino kuti zisakole ulusi. Mufunikanso nsingano imodzi yokulirapo, ya mamilimita 5 kapena 6, yoyambira ndi kutsekera, tepi yopimira, sizasi, ndi ulusi wina woonda wa mtundu wosiyana.

MAU ATATU OYENERA KUDZIWA

Tiganiza kuti mudziwa kale plain ndi purl. Pa brioche pali zocita zitatu zatsopano.

Kufunditsa: Bweretsani ulusi kutsogolo pakati pa nsonga ziwiri. Lowetsani nsingano ya kumanja mu sitichi ngati mufuna kuluka purl, koma ingoidutsitsani osailuka. Kenaka ponyani ulusi pamwamba pa nsingano ya kumanja kupita kumbuyo. Tsopano sitichi yafunda. Ngati cotsatira ndi plain, ulusi uli kale pamalo pake. Ngati cotsatira ndi purl, pitirizani kuzunguliza ulusi ubwerenso kutsogolo pakati pa nsonga.

Plain ya awiri: Lukani plain, kutenga sitichi yofunda pamodzi ndi cofunda cake ngati cinthu cimodzi.

Purl ya awiri: Citani cimodzimodzi, koma ndi purl.

Powerenga, sitichi ndi cofunda cake ndi sitichi imodzi, osati ziwiri. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: yofunda ilukeni, yosafunda ifunditseni.

KALUKIDWE KAKE

Musayambe ndi shawelo yeniyeni. Yambani ndi kacidutswa ka masitichi 21 kuti manja azolowere. Mukaluka masentimita 10, pimani m'lifupi mwake. Ngati masitichi 21 akupatsani masentimita 13, ndiye kuti masitichi 81 adzakupatsani pafupifupi masentimita 50, umene ndi mulifupi wabwino wa shawelo. Ngati kacidutswa kanu kacepa kapena kakula, onjezerani kapena cepetsani, koma nambala ikhale yosagawika pawiri, monga 75, 81 kapena 87.

Ikani masitichi 81 ndi ulusi wa pinki pa nsingano yokulirapo ija, momasuka, kenaka muwasamutsire pa nsingano yozungulira. Mukayamba mothina, m'mphepete mudzakwinyika cifukwa brioche imatambasuka.

Mzere wokonzekera woyamba, ndi pinki: plain imodzi, kenaka funditsani imodzi, plain imodzi, funditsani imodzi, plain imodzi, mpaka kumapeto. Musatembenuze. Kankhirani masitichi onse ku nsonga imene munayambira.

Mzere wokonzekera waciwiri, ndi wotuwa: siyani mcira wa masentimita 15. Dutsitsani sitichi yoyamba osailuka ndi osaifunditsa. Kenaka purl ya awiri, funditsani imodzi, purl ya awiri, funditsani imodzi, mpaka patsale ziwiri. Purl ya awiri, dutsitsani yotsiriza. Tsopano tembenuzani.

Kucokera apa mudzabwereza mizere inai iyi mpaka shawelo itatha.

Mzere 1, mbali ya wotuwa, ulusi wa pinki: purl imodzi, kenaka funditsani imodzi, purl ya awiri, kubwereza conco mpaka patsale ziwiri. Funditsani imodzi, purl yotsiriza. Musatembenuze, kankhani.

Mzere 2, mbali yomweyo, ulusi wotuwa: dutsitsani yoyamba, kenaka plain ya awiri, funditsani imodzi, kubwereza mpaka patsale ziwiri. Plain ya awiri, dutsitsani yotsiriza. Tembenuzani.

Mzere 3, mbali ya pinki, ulusi wa pinki: plain imodzi, kenaka funditsani imodzi, plain ya awiri, kubwereza mpaka patsale ziwiri. Funditsani imodzi, plain yotsiriza. Musatembenuze, kankhani.

Mzere 4, mbali yomweyo, ulusi wotuwa: dutsitsani yoyamba, kenaka purl ya awiri, funditsani imodzi, kubwereza mpaka patsale ziwiri. Purl ya awiri, dutsitsani yotsiriza. Tembenuzani.

Taonani kuti pa mbali iliyonse pinki ndiye atsogola, wotuwa atsatira. Mwana akalira kapena nsima ikafuna kuvundulidwa, mukabwerera mungaiwale pamene munalekera. Yang'anani ulusi. Ngati pinki ali kumapeto kwina ndipo wotuwa ali kwina, ndiye kuti wotuwa watsalira, kankhani masitichi mumulukire. Ngati onse awiri ali kumapeto kumodzi, yambani mbali yatsopano ndi pinki.

Pitirizani mpaka shawelo itafika masentimita 160. Mukaluka masentimita 2 pa tsiku, idzatha m'masiku 80. Potseka, tsirizani mzere 2, tembenuzani, ndipo ndi pinki ndi nsingano yokulirapo ija lukani plain yoyamba, purl pa sitichi yosafunda, plain ya awiri pa yofunda, uku mukudumphitsa sitichi yakale pamwamba pa yatsopano monga mwa masiku onse. Tsekani momasuka. Bisani micira yonse m'mphepete, osamanga mfundo zolimba zimene zingakhule khungu.

ZOLAKWIKA ZOFALA

Colakwika cofala kwambiri ndi kugwetsa cofunda. Mukaona kaulusi kakulendewera kumbuyo kwa sitichi, kanyamuleni mukabwezere pamwamba pa sitichi yake musanailuke. Caciwiri ndi kutembenuza pamene munayenera kukankha, ndipo mitundu imasokonezeka. Cacitatu ndi kukoka ulusi kwambiri pofunditsa, ndipo nsalu imauma.

Kumasula brioche n'kovuta, cifukwa masitichi ndi zofunda zimabalalika. Conco mukaluka masentimita 10 aliwonse, tengani ulusi woonda uja muupise m'masitichi onse ndi zofunda zake pamene zili pa nsingano, n'kuusiya momwemo. Mukalakwitsa kutsogolo, mudzamasula mpaka pa ulusi umenewo, ndipo palibe sitichi idzataika.

ZOKAMBIRANA PAMENE MULUKA

Amai akakhala pamodzi pa mphasa ndi zoluka zao, pakamwa sipakhala cete. Imeneyi ndi nthawi yabwino yokumbutsana zizindikiro za khansa ya m'mawere. Zizindikiro zake ndi izi: cotupa kapena malo olimba m'bere kapena m'khwapa, bere kusintha kukula kapena maonekedwe, khungu kulowa mkati kapena kuoneka ngati khungu la lalanje, nsonga ya bere kulowa mkati pamene kale siinali conco, magazi kapena madzi acilendo kutuluka ku nsonga, cilonda ca pa bere cosapola.

Dziwani kuti cotupa ca khansa nthawi zambiri sicipweteka poyamba. Amai ambiri amati, “Sicindiwawa, ndidzapita cikayamba kuwawa.” Kumeneko ndiko kucedwa. Dziwaninso kuti zotupa zambiri za m'mawere si khansa ai. Koma palibe amene angasiyanitse ndi zala zokha. Pafunika kupima ku cipatala, nthawi zina ndi makina ojambula, ndiponso kutenga kanyama pang'ono kuti akakaone ku labotale.

Mai aliyense azidziwa mawere ake. Kamodzi pa mwezi, patapita masiku ocepa mutatsiriza kusamba kwa kumwezi, imani pa kalilole manja ali pansi, kenaka muwakweze m'mwamba, muone ngati pali kusintha. Ndiye gonani cagada, dzanja limodzi kumutu, ndipo ndi zala zitatu za dzanja linalo sisitani bere lonse mozungulira mpaka m'khwapa. Amai amene analeka kusamba asankhe tsiku limodzi la mwezi, monga loyamba. Mukapita ku kiliniki kukapimitsa khomo la ciberekero kapena ku sikelo ya mwana, pemphani anamwino akupimeninso mawere.

Ngozi ya matendawa imakula munthu akapitirira zaka 40. Kumwa mowa, kusuta fodya, kunenepa kwambiri ndi kusagwiritsa nchito thupi zimaonjezera ngozi. Ngati amai anu, mkulu wanu kapena mng'ono wanu anadwalapo, uzani a dokotala. Komabe pafupifupi theka la amai odwala khansayi alibe cifukwa cina ciliconse kupatula kukhala mkazi ndi kukula. Kuyamwitsa mwana kumacepetsa ngozi. Amuna naonso amadwala, ngakhale ndi ocepa, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100.

Pali zikhulupiriro zimene zimacedwetsa anthu. Ena amati kusunga ndalama kapena foni m'kamisolo kumayambitsa khansa. Palibe umboni wa zimenezi. Ena amati ndi kulodzedwa, ndipo amapita kukatemera mphini pa bere. Mphini sizicotsa khansa, zimangoonjezera zilonda ndi kutaya miyezi. Ena amati mpeni wa dokotala ukakhudza khansa imafalikira. Coona n'cakuti ambiri amene amamwalira pambuyo pa opaleshoni anafika matenda atafalikira kale. Khansa siipatsirana. Mungadye mbale imodzi, kugona cipinda cimodzi ndi kucapa zovala za wodwala popanda mantha.

KUPEREKA MPHATSO

Musanapereke, capani shawelo ndi sopo wosanunkhira, m'madzi ofunda pang'ono. Musaipotokole. Ikulungeni m'thaulo kuti madzi acoke, n'kuiyanika cogoneka pa mthunzi. Mukaipacika pa cingwe idzatalika ndi kutaya maonekedwe. Fungo la mafuta onunkhira limacititsa mseru kwa munthu amene ali pa chemotherapy.

Ngati mwini wake akali pa mankhwala, thupi lake lili ndi mphamvu yocepa yolimbana ndi matenda. Amene ali ndi cimfine kapena cifuwa asapite nao kukapereka. Ndipo banja lidziwe kuti munthu wa pa chemotherapy akatentha thupi ayenera kupita ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuce bwino. Cimodzimodzi dzanja la mbali ya opaleshoni likatupa mwadzidzidzi, kufiira kapena kutentha.

Cinthu cacikulu koposa ndi ici: matenda ndi a mwini wake. Musamuimike pamaso pa mpingo kapena pa msonkhano wa amai popanda kumufunsa. Ena adzakondwa kuimirira ndi kunena kuti, “Ine ndinapeza cotupa, ndinapita msanga, ndipo lero ndili pano.” Mau otere ocokera kwa mnansi amene anthu amuona akutunga madzi ndi kugulitsa pa msika amamveka kuposa cikwangwani ciliconse. Koma ena afuna kulandira mphatso yao m'nyumba, citseko cotseka. Onse awiri alemekezedwe. Ndipo musaiwale mai amene matenda ake anabwereranso kapena amene akali pakati pa mankhwala. Iyenso ayenera kufunda.

Kwa inu azibambo, mai wocotsedwa bere akali mkazi wanu. Mabanja ena amagwedezeka pa nthawi imeneyi, ndipo mantha a kusiidwa ndi amodzi mwa zifukwa zimene amai amakanira opaleshoni. Muperekezeni ku cipatala, mukumbutseni mapilisi ake, ndipo sungani tsiku limene a dokotala anati abwererenso. Ngati simudziwa kuluka, gulani wulu.

Mai wopulumukayo angafunenso kuphunzira kuluka kuti alukire mnzake. Palibe coletsa. Kugwiritsa nchito dzanja mofatsa n'kwabwino, malinga apumule kawirikawiri, atambasule mapewa, ndipo aleke ngati dzanja layamba kulemera kapena kuwawa. Amene zala zao zinacita dzanzi cifukwa ca mankhwala ayambe ndi nsingano zazikulu ndi wulu wokhuthala.

Shawelo siiciza khansa. Cimene cimaciza ndi kupita msanga ku cipatala ndi kutsiriza mankhwala onse. Conco pa tsiku limene gulu lanu liika masitichi oyamba pa nsingano, pangananinso tsiku limene nonse mudzapita ku kiliniki kukapimitsa mawere, ndipo lembani tsikulo pa kalenda. Amene wapeza kale cotupa asadikire tsiku limenelo. Apite mawa m'mawa, ndipo mmodzi wa inu amuperekeze.